Kolete Nambala 14

Masiku amenewo tsiku langa linkayenda chonchi. Kukangocha ndinkatunga madzi ku mjigo maulendo awiri, n'kusesa, n'kuchapa matewera a Shakila, n'kukamangirira mbuzi kudambo. Ndikatero ndinkalima mizere imene ndikanatha dzuwa lisanawawe. Pobwerera ndinkathyola masamba a chinangwa, n'kuphika, n'kupatula gawo limodzi m'bakuli ya chivundikiro. Ndiyeno mwana kumsana, bakuli m'manja, ulendo wa maola awiri wapansi mpaka ku Mandimba, kukapereka chakudya ku kadeya, ndende imene anatsekeramo amuna anga, a Abasi.

A Abasi ankanyamula anthu ndi katundu pa njinga, kuchokera pamsika kukafika kumalire a Malawi. Onse ogwira ntchito imeneyo amavala kolete, malaya achikasu opanda manja okhala ndi nambala kumsana. Yawo inali 14. Kwawo ndi ku Itepela, koma mwa mwambo wathu anabwera kudzamanga nyumba kwathu, pa dothi la amayi anga. Pamudzi anali mkamwini, wolankhula pang'ono, wopatuka m'njira akaona apongozi ake akubwera.

Chimene chinachitika ndi ichi. Lachisanu lina masana, eni maloja, masitolo a pamsika, atapita ku mzikiti, munthu analowa m'loja yosungiramo chitowe ya wamalonda wina wa pamsika. Amalonda achisilamu amalemba dala mlonda wachikhristu kuti pa nthawi ya pemphero pakhomo pazikhala munthu. Wa pamenepo anali agogo Andreya, nkhalamba ya ku Ngauma. Wakubayo anawamenya ndi chitsulo kumutu n'kutenga thumba limodzi la chitowe. Thumba limodzi basi. Agogowo anamwalira patapita masiku atatu, osatsegula pakamwa.

Lachisanu limenelo a Abasi anali gone ndi malungo. Ndinawafunditsa ndekha ndisanapite kuchigayo. Kolete inali pa msomali pakhonde, njinga itatsamira nkhokwe. Nditabwera dzuwa litapendeka, zonse ndinazipeza m'malo mwake.

Koma pamwamba pa chitseko cha lojayo panali kamera. Wina anajambula ndi telefoni zimene zinkaoneka pa galasi la makina a kamerayo n'kutumizira mnzake, mnzakeyo n'kutumizira wina. Pofika Lamlungu kanemayo anali m'telefoni iliyonse ya ku Mandimba. Nkhope ya munthuyo sinkaoneka, koma kolete inkaoneka, ndi nambala yake. Kenako munthu wina wa pa baraka, kanyumba kotchajira matelefoni, anaika chithunzicho mu pulogalamu imene amati imayeretsa zithunzi. Chinatuluka ndi nkhope yosalala, maso, mphuno, ndi ndevu za pachibwano ngati za a Abasi. Ine ndemwe atandionetsa, ndinaona ngati ndi iwo.

Lolemba apolisi anabwera kudzatenga a Abasi, pamodzi ndi njinga.

Ku kadeya tinkalankhula ataima mkati, ine kunja, waya pakati.

"Bambo a Shakila, kolete munabwereketsa ndani?"

"Sindinabwereketse munthu."

"Nanga inayenda yokha mpaka kumsika?"

"Ndinali gone, Farida. Mbuzi wazimwetsa?"

Nthawi zonse nkhani inkathera pa mbuzi.

Kunyumba amene ankandilimbitsa mtima anali achimwene anga a Faizali. Chimwalirireni malume, iwo ndiwo anali mwini mbumba yathu, ndiponso ankhoswe a ukwati wanga. Kudzanja lamanja analibe zala zitatu. Lamba wa chigayo anazidula ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali ine wowatsuka balalo ndi madzi a mchere m'mawa uliwonse mpaka litauma. Masiku a mavutowa ankandibweretsera nkhuni, nthawi zina sopo.

"Alamu anga aja, nkhuku yomwe amayamba aipepesa asanaiphe," ankatero. "Amenye munthu iwo? Atuluka, usadandaule."

Bwalo la milandu linatipatsa wotiimira, mayi wina wa nsapato zafumbi dzina lake Dona Isaura. Anandiuza zinthu molunjika, ndipo ndinamukonda chifukwa cha chimenecho.

"Mayi Farida, kanema wa m'matelefoniyu ali ngati tiyi wothiridwa madzi kasanu. Weniweni ali m'bokosi la makina kulojako. Koma bokosilo likadzaza limafufuta zakale n'kulembapo zatsopano. Limasunga masiku makumi atatu okha."

"Lero ndi la chingati?"

"La makumi awiri ndi awiri. Kalata yopempha bokosilo ndalemba, koma kalata imayenda ndi miyendo yake."

Ine kusukulu ndinalekeza kalasi ya chisanu ndi chimodzi, koma kuchotsa makumi awiri ndi awiri pa makumi atatu ndimatha. M'mawa mwake sindinalime. Ndinakakhala pakhomo pa lojayo ndi mwana pamwendo mpaka mwiniwake anatopa n'kutuluka.

"Ukufuna chiyani pano, mayi iwe? Mwamuna wako anandiphera mlonda."

"Ngati ndi iwo, bambo, bokosi lanu likanena zomwezo. Mukuopa chiyani? Ingolizimitsani lisafufute."

Kenako analowa n'kuzula chingwe cha magetsi. Ine ndinali nditayala kale chitenje pansi kuti ndilimange bokosilo ndipite nalo ndekha, pamene Dona Isaura anafika akupuma mwawefuwefu n'kundigwira mkono.

"Musalikhudze! Inu ndinu mkazi wa woimbidwa mlandu. Mukangoligwira, akati munasinthamo zinthu, basi latha ntchito."

Tinadikira wapolisi. Analiika m'thumba la pulasitiki, n'kumata, anthu atatu n'kusaina pomatapo. Ine ndinangopinda chitenje changa.

Panapita miyezi iwiri. Mvula inayamba, udzu unandipitirira m'munda. Ndiyeno Dona Isaura anati katswiri wounika makanema wafika ku Cuamba, ndipo bokosi lathu lili m'manja mwake. Anati palibe chifukwa choti ine ndipite. Ndinagulitsa mbuzi n'kukwera shapa, minibasi ya kuno, limodzi naye.

Katswiriyo anali bambo wa magalasi, a Manueli. Chipinda chawo chinali chozizira, makina akulira pansipansi. Chinyanja ankachidziwa pang'ono, chophunzira kwa akazi awo, ndipo pamene chinkawathera Dona Isaura ankamasulira. Anandilozera mpando wakumbuyo, koma ndinaukoka mpaka pafupi.

Anayamba ndi kuika zithunzi ziwiri pambali ndi pambali. Kumanzere kunali nkhope ija ya m'matelefoni. Kumanja kunali chithunzi chochokera m'bokosi. Anachikulitsa, n'kuchikulitsanso, mpaka mutu wa munthuyo unasanduka timabokosi totuwa ndi takuda, ngati nsalu ya mandalasi.

"Mayi, werengani timabokosi iti, kuyambira khutu ili kufika khutu ilo."

Ndinaloza ndi chala osakhudza galasi. "Tisanu ndi tinayi."

"Ndiye nkhope yonse imene kamera inagwira. Mulibemo diso, mulibemo ndevu. Pulogalamu ija sinayeretse kanthu. Inaona pamene payenera kukhala maso n'kuikapo maso, otengedwa ku nkhope za anthu ena ambirimbiri. Munthu wa kumanzereyu kulibe, mayi. Sanabadwe. Alibe amake."

Ndinatembenukira kwa iwo. "Ndiye lembani awatulutse."

"Dikirani, sindinamalize."

Anationetsa msana wa munthuyo. Nambala inkaoneka bwino, 14, ndipo imeneyo sinali yopeka. Anatiuza kuti anatuma wapolisi kukaima pakhomo lomwelo ndi ndodo yoyezera, kamera yomweyo n'kumujambula, kuti ayerekeze msinkhu. Koma wakubayo anali atavala chipewa ndipo ankayenda chowerama. Kusiyana kwake ndi a Abasi kunali kwa zala ziwiri, ndipo muyeso wotere ukhoza kuphonya ndi zala zitatu.

"Ndikalemba kuti nkhope ija ndi yabodza, asaigwiritse ntchito. Koma sindingalembe kuti si amuna anu. Ine ndimalemba zimene zilimo. Zimene mulibe sindiwonjezera, ngakhale munthu atandimvetsa chisoni."

"Ndiye mbuzi yanga ndinagulitsa kuti ndidzawerenge timabokosi?"

Dona Isaura anandigwira bondo. A Manueli sanakwiye. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Pali china. Wojambula ndi telefoni uja analekeza pamene munthuyo anatuluka pakhomo. Koma kamera sinalekeze."

Pakona ya chithunzicho, kunja, panali mthunzi wa khoma, bii. Iwo anauwalitsa pang'onopang'ono, akulemba m'buku chilichonse chimene asintha. Mumdimawo munatuluka gudumu la njinga, kenako kaliyala. Anayamba kuyendetsa kanemayo chithunzi chimodzichimodzi, akudina ndi chala.

Munthuyo anaika thumba pa kaliyala. Anakoka mphira ya tchubu ndi dzanja lamanzere. Lamanja silinagwire mphirayo, linangopsinja thumba ndi chikhatho. Kenako anawerama, n'kuluma nsonga ya mphira ndi mano, n'kukoka ndi khosi, n'kuipisa pansi ndi dzanja lamanzere. Anachita zimenezo kawiri.

"Ichi ndicho chinandidabwitsa," anatero a Manueli. "Amuna anu amamanga katundu ndi mano?"

"Ayi."

"Mukudziwa wina amene amatero?"

Ndinati mwana akufuna kuyamwa, n'kutuluka.

Shakila anali m'tulo. Ndinakhala pa mwala kunja kwa mpanda. Sitima ya katundu inkadutsa chapatali, yaitali yosatha, ndipo ndinaiyang'ana mpaka ngolo yomaliza. Kamangidwe kameneko ndinkakadziwa ngati mmene ndimadziwira njira ya ku mjigo. Ndinaliko pamene kanayamba, bala lisanapole, achimwene akulira ndi mkwiyo chifukwa mtolo wa nkhuni unkawakanika kumanga. Ndine ndinawauza kuti, gwirani ndi mano.

Dona Isaura ananditsatira n'kukhala pambali panga. Ndinati, "Ndipatseni masiku awiri."

"Mlandu ukulowa Lachinayi la sabata ya mawa. Amuna anu akapezeka olakwa, ndi zaka zoposa khumi. Masiku awiri ndikupatsani, atatu ndilibe."

Nditatsika shapa ku Mandimba ndinalunjika ku kadeya, wopanda bakuli.

"Munadziwa," ndinatero.

A Abasi anayang'ana pansi. Anali ataonda, khosi ngati la nkhuku yonyowa.

"Ndinamva njinga ikuchoka. Ndinamvanso kutsokomola kwawo pakhonde."

"Miyezi itatu ndikuyenda msewu uwu, inu muli chete?"

"Ndikanati chiyani, Farida? Munda ndi wa amayi ako. Nyumba ili pa dothi lawo. Ukwati wathu anamanga ndi alamu omwewo. Mkamwini aloze chala mwini mbumba? Ndinkati mtima udzawapweteka, adzabwera okha."

"Sabwera. Amabwera ndi sopo."

"Usanene. Ine ndipirira. Iwe ukanena, udzakhala munthu wopanda kwawo."

"Nanga Shakila akhale wopanda bambo chifukwa cha ulemu wanu?"

Nthawi imeneyo mbuzi sanazifunse.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusola nandolo. Ndinakhala pansi n'kuwauza zimene ndinaona ku Cuamba. Manja awo sanaleke ntchito. Pamenepo ndinazindikira kuti sindikuwauza zachilendo.

"Ankangofuna thumba limodzi," anatero. "Ana ake anali atagona ndi njala masiku awiri. Nkhalamba ija inamugwira mwendo, iye n'kuchita mantha."

"Amayi, munkandiona ndikunyamuka m'mawa uliwonse ndi mwana kumsana."

"Ndinkakuona."

"Osandiuza?"

Anaika lichero pansi. "Tamvera, mwana wanga. Abasi ndi munthu wabwino, sindikana. Koma ndi mlendo. Anabwera, akhoza kupita. Iwe ukadali wamng'ono, wina adzakufunsira. Faizali ndinabereka mmodzi. Ndikadwala adzandinyamula ndani? Shakila yemweyo akadzakula, ukwati wake adzauimira ndani, si malume ake?"

"Agogo Andreya nawonso anali ndi ana, amayi."

"Amenewo sadzuka, kaya unene kaya usanene."

Achimwene ndinakawapeza kudimba akuthirira anyezi. Atandiona anaseka.

"A ku Cuamba afika! Mwatitengera chiyani a m'tauni?"

"Achimwene, ndakuonani. Nkhope ayi, koma mmene munamangira thumba."

Chitini chinapendekeka m'manja mwawo, madzi n'kuthirikira pa mapazi.

"Mkuja m'mawa ndikupita kwa Dona Isaura. Tipite limodzi, mukanene nokha. Akuti wonena yekha amamuchepetserako."

Anakweza dzanja lija n'kundionetsa. "Farida, iwe wemwe amene unanditsuka bala ili?"

"Ine ndemwe."

"Sungachite zimenezo. Ndimakudziwa."

Ndinene zoona pano. Tsikulo ndinawauziratu dala. Kuchokera kudimba kwathu kukafika ku Malawi ndi ulendo wa ola limodzi podzera m'minda, ndipo anthu amadutsa tsiku ndi tsiku opanda wowafunsa. Ndinkafuna athawe. Masiku awiriwo ndinkangoyang'ana kunyumba kwawo, kuyembekeza kuona chitseko chotseka. Koma m'mawa wa tsiku lachitatu ndikudutsa ndi mwana kumsana, anali pakhonde akunola khasu. Anandipatsa moni ngati masiku onse, ine n'kupitirira kukamuuza Dona Isaura. Sanakhulupirire mpaka galimoto ya apolisi inaima pamsewu.

Kubwalo la milandu anaonetsa kanemayo pakhoma. A Manueli anabwera okha kudzafotokoza. Anayamba ndi nkhope yabodza ija n'kunena chifukwa chake iyenera kutayidwa, kenako anaonetsa mthunzi wa khoma, chithunzi chimodzichimodzi, akutchula chilichonse chimene anawalitsa. Woweruza anawafunsa ngati anganene kuti munthuyo ndi ndani. Anati sanganene, angonena kuti munthuyo sagwira ndi dzanja lamanja. Kenako woweruza anaitana ine. Ndinaimirira n'kutchula dzina la mwana wa amayi anga, amayi ali pa benchi yachiwiri.

Woweruza analamula kuti abweretse njinga ija, thumba la mchenga ndi mphira. A Abasi anamanga ndi manja awiri, mwamsanga, osayang'ana munthu. Itafika nthawi ya achimwene, anaigwira mphirayo ndi dzanja lamanzere n'kuima. Kenako anakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira, ndipo ananena zonse.

A Abasi anatuluka patapita masabata ena asanu, mapepala atatha. Pa chipata cha kadeya sanandikumbatire. Anati, "Sindinakutume." Kenako anatenga mtolo umene ndinanyamula n'kuusenza okha, tinayenda mpaka kunyumba osalankhulanso.

Zimene zinapita ndi izi. Mbuzi zonse zitatu. Chimanga cha chaka chimenecho, chifukwa ndinapalira theka lokha. Miyezi isanu ya a Abasi, ndi chifuwa chimene anatuluka nacho, chimene akumwera mankhwala mpaka lero. Ntchito ya njinga inatha, popeza chithunzi chabodza chija chikadali m'matelefoni, ndipo pamsika alipo amene amati anatuluka chifukwa choti mkazi wake anagulitsa mlongo wake. Shakila anaphunzira kuyenda bambo ake palibe, ndipo atabwera ankabisala kuseri kwa chitenje changa mwezi wathunthu. Achimwene anawapatsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Akazi awo anabwerera kwawo ndi ana atatu, wamkuluyo anasiya sukulu. Nyumba yathu tinaisasula tokha, amayi atatiuza kudzera mwa munthu wina kuti dothi lawo akulifuna. Tinatenga malata ndi chitseko. Tsopano tili ku Itepela, pa munda wobwereka kwa alongo awo a Abasi, wamiyala, kutali ndi madzi.

Mwezi watha ndinamva kuti amayi akudwala miyendo. Ndinatumiza paketi ya shuga ndi mayi wina wopita kumeneko. Inabwerera yosatsegula. Tinathira m'phala la Shakila.